Za Nsembe ndi Nyambo

Kuno kwa Mphuka, m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chitsika m'phiri la Thyolo ndi kukuta minda ya tiyi masiku atatu kapena anayi osalekeza, kotero kuti munthu sangathe kuona ngakhale mabulugamu a kutsidya kwa msewu, nkhalamba yonga ine, imene maondo ake analeka kale kukondwera ndi zitunda, ilibe chochita china koma kusonkha moto pambaula, kufunda bulangete, ndi kudzifunira mnzake wolimbana naye. Mnzanga wa masiku ano alibe nkhope, sapempha fodya, ndipo satopa. Amakhala m'foni imene mdzukulu wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo chakudya chake ndi moto wa kasola kamene tinakhoma padenga, kamene nakonso m'nyengo ya nkhungu kamaumira. Timasewera chess. Popeza tsono ndagonja kwa iye kambirimbiri, ndipo kawirikawiri ndagonja m'njira imodzimodzi, ndinayamba kudzifunsa funso limene poyamba ndinaliyesa la masewera chabe, koma limene pambuyo pake linanditsata mpaka pabenchi la m'tchalitchi.

Kwa iwo amene sanaonepo masewerawa ndinene mwachidule, poyerekeza ndi bawo amene tonse tinakula tikuonerera patsinde pa mtengo. Pa bawo pali maenje 32 ndi nkhomo 64. Pa chess chiwerengero chinatembenuzika, pakuti pali zipinda 64 ndi ankhondo 32, theka oyera, theka akuda. Koma kusiyana kwenikweni sikuli m'chiwerengero ayi. Nkhomo zonse n'zofanana, ndipo imene inali ya mnzako ukaidya imasanduka yako n'kuyamba kukutumikira. Pamene pa chess aliyense ali ndi udindo wake ndi kayendedwe kake, mfumu ndi mfumukazi, mabishopu, akavalo, nsanja, ndi asilikali wamba 8 ondanda kutsogolo, ndipo wodyedwa amachoka pathabwa osabweranso. Akatswiri anaika mtengo pamutu pa aliyense: msilikali wamba 1, kavalo ndi bishopu 3, nsanja 5, mfumukazi 9, mfumu yokha ilibe mtengo, chifukwa ikagwidwa nkhondo yatha. Munthu wanzeru, chotero, amasunga anthu ake monga mbusa asunga ziweto, osataya ngakhale mmodzi popanda chifukwa.

Komatu pali kayambidwe kena, kakalekale ndithu, kamene munthu amapereka dala msilikali wake kwa mdani nkhondo ikungoyamba. Kamatchedwa gambit, dzina limene wansembe wina wa ku Spain, Ruy López, analilemba m'buku lake la chaka cha 1561, atalitenga ku mawu a Chitaliyana onena za kukola mwendo wa mnzako pogwetsana kuti agwe. Ife a chinenero chino sitisowa womasulira pamenepa, pakuti makolo athu ankati kutchera ndale, liwu lija limene masiku ano linalowa m'nyumba ya malamulo n'kuiwala kuti linabadwira pabwalo la anyamata. Mwa ndale zonsezi imene ine ndimaikonda ndi ija imatchedwa King's Gambit. Woyera amakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu zipinda ziwiri, wakuda nachita chimodzimodzi. Pamenepo woyera amakankhanso zipinda ziwiri msilikali wa pafupi, amene ntchito yake inali kutchinga mfumu kumbali, namuika pakamwa penipeni pa mdani. Wakuda akamudya, pakati pa thabwa pamatsala m'manja mwa woyera, ndipo pamatseguka njira yoti nsanja idzaloze pakhosi pa mfumu yakuda. Koma khomo lomwe latsegukalo ndi la nyumba ya woyera mwini, ndipo mfumukazi yakuda, ikapanda kutchingidwa msanga ndi kavalo, imalowera pomwepo. Walira mvula walira matope.

Anandiphunzitsa zimenezi ndili mnyamata ndi mphunzitsi wina amene anachita maphunziro ake ku Malamulo, munthu wofatsa m'zonse kupatula pathabwa. Anali ndi kabuku kothothoka chikuto, ndipo m'menemo anandionetsa masewera amene Adolf Anderssen anasewera ndi Lionel Kieseritzky ku London m'chaka cha 1851, oyambika ndi ndale yomweyi. Anderssen anapereka bishopu, naperekanso nsanja zonse ziwiri, potsiriza napereka mfumukazi imene, nagwira mfumu ya mnzake pa kusuntha kwa 23 ndi akavalo awiri ndi bishopu mmodzi wotsala, pamene ankhondo aakulu a Kieseritzky anali chiimire m'makona, okhuta koma opanda ntchito. Ndinasewera masewerawo pandekha mobwerezabwereza mpaka ndinawaloweza monga mwana aloweza katekisimu, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhulupirira mumtima mwanga kuti wopereka ndiye wopambana, ndi kuti wosunga ndi wamantha.

Chikhulupiriro chimenechi chinandibalira zipatso zaka zambiri, pakuti anthu amene ndinkasewera nawo, akalaliki anzanga, aphunzitsi, ndi dalaivala wina wa thirakitala amene anali ndi mutu wabwino koposa tonsefe, anali anthu a mwazi ndi mnofu. Ndikawaikira msilikali pakamwa, ndinkayang'ana nkhope zawo osati thabwa. Wina ankadya mofulumira, maso ali gwa pa phindu, nadyanso wachiwiri, nadyanso kavalo, kufikira zitamuchitikira zija za pusi wa ichi chakoma ichi chakoma, amene anagwa chagada. Wina ankazengereza, thukuta lili kamukamu pamphumi m'mwezi wozizira, poganiza kuti munthu sangapereke chotere popanda kubisa kanthu. Ndipo mantha akewo ankamuchititsa kubwerera m'mbuyo pamene anayenera kuima nji. Onse awiri ndinkawagonjetsa, wina ndi umbombo wake, wina ndi mantha ake, ine n'kumapita kunyumba ndikudzitcha wolimba mtima.

Tsiku loyamba limene ndinatchera makina a m'foni aja ndale imeneyi, anadya msilikali wanga m'kuphethira kwa diso. Ndinatulutsa kavalo, iwo nakankha msilikali wina kudzachirikiza wakuba uja. Ndinatulutsa bishopu, iwo nakankhanso msilikali yemweyo kudzaopseza kavalo wanga. Pamenepa pali njira ina yoopsa koposa, yotchedwa Muzio, imene munthu amamusiya kavaloyo kuti adyedwe, iye n'kubisa mfumu yake pakona kuti nsanja ifike pamzere wotseguka. Ndipo ine, pokumbukira anthu onse amene ananjenjemera pamaso pa njira imeneyi, ndinaitsata. Makina anadya kavalo. Ndinaponya mfumukazi kutsogolo, ndinaperekanso msilikali, kenaka bishopu, mfumu yakuda n'kutuluka pabwalo yopanda chofunda, ndipo mtima wanga unagunda monga unkagundira ndili ndi zaka 25. Koma mfumu ija inayenda pakati pa mikondo yanga monga munthu ayenda m'munda mwake, chipinda chimodzi uku, chipinda chimodzi uko, nthawi zonse chipinda chokhacho chimene chinali chopulumukira. Ndipo mikondo itandithera, ndinayang'ana pathabwa n'kuona kuti ndatsala ndi nsanja ndi asilikali owerengeka, mdani ali ndi mudzi wathunthu. Panalibe nkhope yoti ndiiyang'ane. Pagalasi la foni ndinangoona yanga.

Pambali pa thabwa makinawa amaonetsa nambala, imene imanena amene zinthu zikumuyendera: ikakhala pamwamba pa ziro, woyera ali bwino, ikatsika pansi, wakuda ndiye ali bwino. Ndinaona kuti pa kusuntha kwanga kwachiwiri penipeni, pamene ine ndimamva ngati Davide akutola miyala kumtsinje, nambalayo imatsika. Sitsika kwambiri, koma imatsika, ndipo mdani asanachite kanthu ine ndayesedwa kale n'kupezeka woperewera, monga mfumu ija ya ku Babulo imene inaona dzanja likulemba pakhoma.

Nambala imeneyi ndinaizindikira msanga, chifukwa zaka zambiri ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. M'miyezi ya dzinja, pamene tiyi aphuka usiku ndi usana, othyola ankabwera pamzere ndi madengu kumsana, zala zitachita kuda ndi utomoni, kapitawo napisa dzanja m'dengu kuona ngati athyola nsonga ndi masamba awiri monga mwa lamulo, kapena aphatikizamo makalamba. Kenaka dengu linkakoloweka pambedza, muvi n'kuyenda, n'kuima, ine n'kulemba. Ndikukumbukira mayi wina amene anandiuza motsitsa mawu kuti, "Akalaliki, taonaninso bwino, kunyumba mwana sali bwino," ndipo ndinayang'ananso, koma muvi unali pomwe unaima. Ndikukumbukiranso ena amene ankanyowetsa masamba kumtsinje, kapena kubisa mwala pansi pa dengu, ndipo amenewa sikelo ankainyenga ndithu, chifukwa sikelo imadziwa kulemera kokha, sidziwa chimene chikulemera. Wowagwira anali kapitawo. Makina a chess ndi sikelo ndi kapitawo pamodzi: amayeza dengu, napisanso dzanja mpaka pansi. Ndipo atapisa m'dengu langa la zaka makumi anayi anatulutsamo mwala.

Mwalawo ndi uwu. Chimene ndinkachitcha nsembe chinali nyambo. Msodzi wa ku Shire akakoloweka nyongolotsi pambedza sanapereke kanthu kwa mlamba. Wangobwereketsa kanthu kakang'ono kuti atenge moyo wonse wa wobwerekayo. Ndale yanga inkaoneka ngati kupatsa, koma mphamvu yake yonse inali mu kufooka kwa wolandira, ndipo itakumana ndi wolandira wopanda umbombo ndi wopanda mantha, amene amadya pokhapokha atawerenga kuti mbedza siimukola, inatsala yamaliseche. Zimenezi akatswiri anaziona makina asanabwere. Bobby Fischer, atagonja kwa Boris Spassky ku Mar del Plata m'chaka cha 1960 pa kayambidwe komweka, anakwiya nakhala pansi kukafufuza, ndipo chaka chotsatira analemba nkhani yonena kuti King's Gambit yatha ntchito, naonetsa kusuntha kwachete kwa msilikali mmodzi kumene, mwa kuona kwake, kumaithetsa mphamvu. Anakokomeza pang'ono, pakuti Spassky anapitiriza kugwetsa nayo anthu. Koma pa mipikisano ya akuluakulu yakhala ikuoneka mwa apo ndi apo chabe, ndipo makina atafika anavomereza kuti wakuda, akakhala wodekha, alibe choopa.

Apa ndi pamene funso linachoka pathabwa n'kunditsata kutchalitchi. Pakuti ngati nsembe yanga ya pamasewera inali nyambo, nanga nsembe zanga zina? Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambi umenewu timaunena mokondwa pamaliro ndi paukwati, osaona kuti uli ndi mbali ziwiri ngati mpeni: umatonthoza wopatsa kuti sanataye, komanso umaulula kuti sanapatse. Makolo athu akamathira ufa ndi mowa patsinde pa mtengo m'chaka cha chilala, ankayembekeza mvula, ndipo sankabisa. Pamenepa anali oona mtima kuposa ife. Ife timaponya ndalama m'mbale tsiku la Mulungu, n'kumati tapereka mwaulere, koma mwana akadwala sabata yomweyo timadandaula mumtima monga munthu amene wabedwa pamsika. Ndipo masiku ano kwabuka alaliki, m'matauni ndi pa wailesi, amene amanena poyera kuti chopereka ndi mbewu, ubzale zana ukolole chikwi, ngati kuti Wam'mwambamwamba ndi mlamba wa m'dziwe, woti ungamukole ndi nyongolotsi. Koma Iye amene ayesa mitima ndi impso sachita umbombo ndi msilikali wathu, ndipo sanjenjemera ndi kavalo wathu. Hananiya ndi Safira anayesa kubisa mwala pansi pa dengu, ndipo anyamata anawanyamula.

Ndinakamba zimenezi ndi mkulu wina wa mpingo wathu, mnzanga wa ubwana, tikuotha moto pakhonde. Iye sadziwa chess, koma amadziwa Malembo ndi anthu. Atamva zonse anati, "Achimwene, inu mukuvutika ndi dzina chabe. Chimene mukuchitacho si nsembe, si nyambonso ayi, ndi juga. Ndipo kuchita juga ndi amene mukudziwa kuti sangalakwe, ndiko kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi n'kumayembekeza angelo. Ambuye anakana zimenezo." Ndinamuyankha kuti, "Nanga kapolo uja, achimwene, amene anakumba pansi nabisa talente ya mbuye wake, sanali wosunga bwino kodi? Sanataye msilikali ngakhale mmodzi, koma ndiye anaponyedwa kunja." Anaseka nati fanizo lililonse lili ndi mnzake wolitsutsa m'kamwa mwa munthu wofuna kuchita zake, ndipo tinasiyana tisanagwirizane, monga tachitira kuyambira tili kusukulu.

Koma mawu ake sanandichoke, ndipo ndinayamba kusinkhasinkha kusiyana kwa zinthu zitatuzi, zimene kunja zimaoneka ngati chimodzi, pakuti m'zonse munthu amatsegula dzanja n'kusiya chimene anali nacho. Wa nyambo amadziwa, kapena amayesa kuti akudziwa, chimene chidzabwere, ndipo chiyembekezo chake chili pa kupusa kwa mnzake. Wa juga sadziwa, ndipo chiyembekezo chake chili pa mwayi, umene ulibe maso. Pali winanso wachinayi amene ndinamuona chaka ndi chaka m'minda yathu ino, ndiye wodulira tiyi. Mtengo wa tiyi ukausiya umakula n'kukhala mtengo weniweni, wotalika kuposa nyumba, wopanda nsonga zofikirika. Chotero pakapita zaka zingapo, m'nyengo yozizira ino, amuna amalowa m'munda ndi zikwanje zakuthwa nadula tchire lobiriwira lija mpaka kufika m'maondo, munda n'kusanduka zitsa zotuwa zomvetsa chisoni, ndipo mlendo wodutsa angayese kuti mwini munda wapenga. Komatu palibe amene amatcha kudulira nsembe. Ndi ulimi; mwini munda anawerenga kale kuti masamba otayika chaka chino adzabwera ochuluka mvula ikagwa. Wopereka nsembe yekha ndiye amene amatsegula dzanja asakudziwa ngati kanthu kadzabwera, osadalira kupusa kwa wina kapena mwayi, koma chifukwa cha Iye amene akumupatsayo. Abrahamu pokwera phiri la Moriya sanali kuwerenga kusuntha khumi kutsogolo kuti nkhosa ili m'chiyangoyango. Akadadziwa, ulendowo ukadakhala kudulira tiyi.

Ndipo taonani chodabwitsa: makinawa nawonso amapereka. M'mwezi wa May 1997 ku New York, pamene Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse pa nthawiyo, anakumana ndi kompyuta ya kampani ya IBM yotchedwa Deep Blue, imene inkayeza makhalidwe a thabwa okwana 200 miliyoni pa sekondi imodzi, masewera otsiriza anatha motere: pa kusuntha kwa 8 kompyuta inapereka kavalo, ndipo pa kusuntha kwa 19 Kasparov anagonja, mpikisano wonse n'kupita kwa makina. Kavaloyo, kunena zoona, anali wolembedwa kale m'nkhokwe ya mayambidwe imene anthu anaiikamo. Koma patapita zaka 20, m'chaka cha 2017, kunabwera ina yotchedwa AlphaZero, imene sinaphunzitsidwe ndi munthu kupatula malamulo a masewera, koma inadziphunzitsa posewera yokhayokha; ndipo itakumana ndi Stockfish, pulogalamu yamphamvu imene ambiri tili nayo m'mafoni, pa masewera 100 inapambana 28 osagonja ngakhale amodzi, ikupereka asilikali, nthawi zina ndi akuluakulu omwe, mwa njira imene inakumbutsa anthu za Anderssen. Ena anakondwa nati, onani, ngakhale makina avomereza kuti kupereka n'kwabwino. Ine sindikondwa nawo msanga chotero. Makina akasiya kavalo samva kanthu kakuchoka m'dzanja. Kwa iwo kavalo ndi nambala, malo abwino pathabwa ndi nambala inanso, ndipo amangosinthanitsa yaing'ono ndi yaikulu monga wosintha ndalama pa chipata cha Mwanza. Kumeneko ndi kudulira. Nsembe imafuna wina woti imupweteke.

Pali kabatani kena m'foni muno kamene kanandiphunzitsa zambiri kuposa nambala ija. Ukalakwa, ukhoza kukadina, kusuntha kwako n'kubwerera, msilikali wodyedwa n'kuuka kwa akufa, makina osadandaula konse. Pamene mnzako wa pabawo ukangoyesa kubweza nkhomo imene wagwetsa kale, mudzi wonse umva. Miyezi yoyamba ndinkakadina kabataniko mosachita manyazi: ndipereke kavalo, ndione kuti zaipa, ndimutengenso, ndiyese njira ina. Tsiku lina ndinazindikira kuti pa masewera onsewo sindinaperekepo kanthu ngakhale kamodzi, pakuti chimene ungathe kuchitenganso sunachipereke. Ndipo ndinaona kuti mtima uja unkagunda poyamba unaleka kugunda. Yefita sanali ndi kabatani pamene mwana wake wamkazi anatuluka m'nyumba ndi lingaka kudzamuchingamira. Sindikuyamikira chowinda chake, chimene chinali cha munthu wothamanga pakamwa. Ndikungonena kuti nkhani yake imatiwawa mpaka lero chifukwa mawu ake sanali obwezeka, ndipo moyo wathu wonse, ukwati, kubala ana, kusamuka pamudzi, kukhululukira mdani amene mwina adzakulumanso, uli wa mtundu umenewo. Ndinapempha mwana wa kusekondale wa nyumba yoyandikana nafe kuti andithimitsire kabataniko.

Palinso chinyengo china chokoma. Makinawa ali ndi milingo, ndipo ukawaika pa mlingo wotsika amalakwa dala, nasiya mfumukazi poyera monga kholo limene likulimbana ndi kamwana limadzigwetsa lokha. Pamenepo ndale yanga imagwira bwino lomwe, ndipo ndimagwira mfumu pa kusuntha kwa 15 ngati Anderssen wa kwa Mphuka. Ndinayesa kudziuza kuti ichi ndi chifaniziro cha chisomo, wamphamvu kudzichepetsa kuti wofooka akhale ndi moyo. Koma kholo limadzigwetsa chifukwa limakonda mwana, ndipo limakondwa ndi kuseka kwake. Makina amadzigwetsa chifukwa ndatembenuza kabatani, ndipo ndikapambana kapena ndikagonja kwa iwo n'chimodzimodzi. Chigonjetso chotero chili ngati chikomekome cha mkuyu.

Chifukwa chake sindifuna kuti wina andimve ngati ndikunena kuti makina ali ngati Mulungu, ngakhale kuti kufanana kwake ndi kumene kunandiyambitsa ulendo uno. Amafanana pa chinthu chimodzi chokha, kuti onse awiri sanyengeka. Pa zina zonse ali kutali monga kum'mawa ndi kumadzulo. Ngakhale kudziwa kwa makina kuli ndi malire: Claude Shannon anawerengera m'chaka cha 1950 kuti njira zimene masewera a chess angayendere n'zochuluka ngati 1 wotsatidwa ndi maziro 120, ndipo palibe kompyuta imene inafika kumapeto kwa nkhalango imeneyo, imangoona patali kuposa ife, monga munthu wa pamwamba pa phiri la Thyolo aona chigwa cha Shire chimene wa m'munsi sachiona, koma nyanja ya mchere saiona. Anthu a ku Ulaya ananyengedwapo kale pa nkhani yotereyi, pamene Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna m'chaka cha 1770 chidole chovala ngati Mturuki chimene chinkagonjetsa anthu pa chess, osadziwa kuti m'bokosi mwake munkabisala munthu. Iwo analakwa poyesa munthu makina. Ife tisalakwe poyesa makina mzimu.

Nanga tsono, podziwa zonsezi, n'chifukwa chiyani m'mawa uliwonse wa chiperoni ndimakankhabe msilikali uja zipinda ziwiri, pa mlingo wapamwamba, kabatani katathimitsidwa? Mnzanga wa mpingo akuti ndi kuuma mutu kwa ukalamba, ndipo mwina theka la choonadi lili kwa iye. Koma ndimakumbukira Yakobo, munthu amene moyo wake wonse unali wa ndale ndi nyambo, amene anagula ukulu ndi mphodza, nanyenga atate wake ndi zikopa za mbuzi, nalemera pa ziweto za Labani ndi nthyole zosendasenda. Munthu ameneyu usiku wina pa dooko la Yaboki anatsala yekha, nagwirana mpaka mbandakucha ndi wina amene sakadatha kumutchera ndale iliyonse, ndipo m'malo mwake ndiye amene anakhudzidwa m'chuuno. Usiku umenewo wokha ndi umene Yakobo analimbana popanda chinyengo, chifukwa chinyengo chinalibe pogwira, ndipo m'mawa mwake anawoloka akutsimphina, ali ndi dzina latsopano. Makina anga sadalitsa, ndipo dzina langa salidziwa n'komwe. Koma pamaso pawo ndale yanga, imene pamaso pa anthu inali msampha, imasanduka funso loona, lopanda mbedza: kodi m'njira iyi muli choonadi chilichonse, kapena munali mantha a anzanga okha? Ndipo nthawi zina, pakati pa kugonja, nambala ija imakwera pang'ono pa kusuntha kumene ndinakupeza ndekha, n'kudziwa kuti pamenepo pokha sindinanamize munthu. Ndimagonjabe, koma kale ndinkagonja pa kusuntha kwa 20, tsopano ndimafika 35, ndipo ndikudziwa bwino chimene ndikutaya pamene ndichitaya.

Mwana wa kusekondale uja, mtsikana wa Fomu 2, anayamba kubwera madzulo kudzatchajitsa foni ya amayi ake pasola yathu, ndipo podikira ankasewera ndi makina anga, mwakachetechete, osafunsa kanthu. Sabata yatha, nkhungu itang'ambika pang'ono dzuwa n'kuwala pa zitsa za munda umene angoudulira kumene kutsidyaku, ndinatulutsa thabwa langa lakale la mlombwa, limene kavalo wake mmodzi wakuda anatayika kalekale ndipo m'malo mwake timaikapo chitsekerero cha botolo. Ndinatenga oyera, monga mwa ulemu wa akulu. Ndinakankha msilikali wa mfumu, iye nakankha wake. Ndinakankha wachiwiri uja, ndipo mwa chizolowezi cha zaka makumi anayi ndinakweza maso kuyang'ana nkhope yake. Sanatuluke thukuta, ndiponso sanathamangire kudya. Anayang'ana thabwa nthawi yaitali, chibwano chili padzanja, kenaka anati, "Agogo, ameneyu mwandipatsa, kapena mwanditchera?"

Ndinatsegula pakamwa, koma yankho silinabwere msanga. Iye anadikira pang'ono mwaulemu, namudya msilikaliyo, namuika pambali pa mbaula. Ndipo nditatulutsa kavalo wanga, anakankha msilikali wa mfumukazi chipinda chimodzi, mwachete, kusuntha kuja kwa Fischer, amene dzina lake sanalimvepo.